Yamwa Mpweya

Inatsokomola kawiri, n'kuzima
pakati pa munda wa kalabu,
pulawo ikadali m'dothi mpaka m'khosi.
Bata lake linatigonthetsa.
Kenaka tinamva njiwa,
ndi chigayo cha pa Chamama, kutali.

Layisoni anatsika akulumbira
kuti m'mawa anapisa kamtengo m'thanki
ndipo kananyowa zala zinayi.
Sindinamufunse za chigubu
chomwe ndinachiona pa njinga ya mlamu wake.
Mvula inagwa dzana.
Mlandu suwola, koma chinyontho chimathawa.

Tinathira malita khumi a ngongole.
Iye n'kupotokola kiyi: nyee, nyee, nyee. Zii.
Leka, ndinatero, upha batire.
Yamwa mpweya imeneyi.

Ndinamasula nsanza ya malemu bambo.
M'kati muli sipanala ziwiri
ndi fungo lawo.

Umayambira kufupi ndi thanki, ankatero,
monga uthenga wa maliro umayambira kwa eni mbumba.
Pamutu pa sefa pali kabawuti.
Usakachotse. Ungokamasula pang'ono,
ngati ukufunsa mwana chimene chikumuliza.

Ndinagwada m'matope.
Chala pa kampopi ka m'nthiti mwa injini,
pansi, m'mwamba, pansi, m'mwamba.
Poyamba palibe kanthu, kampopi kangoti wede wede.
Kenaka mluzu wochepa, psii,
kenaka thovu, loyera ngati la m'kamwa mwa ng'ombe yotopa.
Usakhulupirire thovu, mwanawe.
Popa mpaka dizilo atuluke yekha,
wopanda mlendo pamsana.

Ndinapopa. Dzanja linachita dzanzi.
Amayi a kalabu anakhala pa mthumbira
ndi mbewu ya soya m'matumba,
akuyang'ana mitambo, akuyang'ana ine.

Zaka makumi awiri bambo anasonkha moto m'zigafa
pa esiteti ya fodya kuseri kwa Dwangwa,
masana thirakitala, usiku utsi.
Tsiku lomaliza, m'chipatala pa boma,
ankaufunafuna mpweya
ngati munthu wotaya ndalama m'udzu.
Ndinawapepesera ndi chikuto cha kope.
Sunawakwanire.
Lero womwewo wadzaza m'mitsempha ya chitsulo
ndipo ndikuuthamangitsa ndi sipanala yawo.

Dizilo anabwera, woyera, wolemera, osaphethira.
Ndinamanga.
Pa pampu yaikulu chimodzimodzi:
masula, popa, dikira, manga.
Kabawuti kachiwiri kanali kodyeka mutu,
kanandisenda chala. Magazi ndi mafuta sizisakanikirana,
ndinaona ndekha.

Pamwamba pali timapaipi tinayi
topita ku manozo.
Ndinamasula tiwiri.
Layisoni, liza tsopano, koma pang'ono,
uwerenge mpaka khumi, usiye.
Tinalavula thovu.
Pumira. Lizanso.
Batire linayamba kulankhula ngati nkhalamba
ndipo palibe anatchula zokankha,
m'dothi lonyowa chotere ndani angakankhe?
Kachitatu tinalavula dizilo, tsa, tsa, tsa,
mpaka patsaya panga.

Ndinamanga kamodzi. Ndinamanga kenako.
Liza.

Inaganiza kaye.
Gu.
Gu, gugu,
n'kuzunguzika thupi lonse ngati galu wotuluka m'madzi,
utsi wakuda n'kukwera kupitirira mtengo wa muwanga,
kenaka wotuwa, kenaka wosaoneka.
Mai Nabanda anaimba nthungululu imodzi yokha,
n'kusenza thumba lawo.

Akakowa anabwerera kumbuyo kwa pulawo
ngati sipanachitike kanthu.

Layisoni anakuwa pamwamba pa phokoso:
Achemwali, munaphunzira kuti zimenezi?
Ndinapukuta sipanala, yaing'ono kenaka yaikulu,
n'kuzikulunga.
Manjawa anunkha mpaka Lamulungu,
sopo wanji amene sindinayesepo.

Ndinangomuuza kuti kuyambira lero
loko wa pa thanki ndigula ndine,
ndipo kiyi wake azigona kwathu.